Pumbwa wa Apongozi Anga

Mwasimba zanu nonse, ndamva. Wina pitikoti inatsika ali pa bolodi, wina anaitana ahedi ndi dzina la mwamuna wake, ndipo mwaseka mpaka tiyi wazizira. Tsono inu mukuti amenewo ndi manyazi? Amenewo ndi tiana ta manyazi, toyamwa. Manyazi enieni, aakulu, a nyanga zawo, m'Nyasaland yense muno anagwirapo munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo ndine NyaBanda, yemwe mumati ndilibe pakamwa chifukwa ndimangokhala pakona pano n'kumachonga makope. Wotsutsa ayambe waika kapu yake pansi, chifukwa ikasweka si ine.

Chinali chaka chomwe ndinamaliza koleji ya uphunzitsi, Chitaganya chili pakati. Bambo anga, kalaliki wa boma, anali atangowasamutsa kuchokera ku Dowa, ndipo tinkakhala ku Katoto. Mzuzu wa masiku amenewo unali nyumba zowerengeka, matope, esiteti ya azungu ya mitengo ya mafuta, ndi nkhungu yokhuthala moti m'mawa mayi ankachita kuidula ndi mpeni pakhomo kuti bambo apeze potulukira. Sukulu yoti ndikaphunzitse inali isanapezeke, ndiye ndinkangokhala.

Ku esiteti kuja kunali adona ena, mkazi wa mmodzi wa mabwana, amene anthu anawapatsa dzina loti NyaViyuni, poti viyuni m'Chitumbuka ndi mbalame. Ntchito yawo inkaseketsa tawuni yonse: kugwira mbalame, kuziveka kamphete kachitsulo kolembedwa nambala kumwendo, n'kuzitaya. Ankati kumapeto kwa dzinja, chimanga chikayamba kuotchedwa, timbalame tina timene timathawira kuno chisanu cha ku Ulaya timanenepa pokonzekera kubwerera, ndiye iwo ankafuna kudziwa kuti ndi titi, tanenepa bwanji, tikafika kuti. Zakonkuno nazo, apumbwa, atimba, mpheta, ankaziveka kuti aone ngati chaka chamawa zidzakhalepo. Ankafuna wowathandiza wa zala zowonda, wodziwa kuwerenga manambala, komanso wosalankhula. Atafunsa ku tchalitchi, mpingo wonse unatembenuka n'kuyang'ana ine.

Kusalankhula kumene mukundionaku n'kotsalira chabe. Masiku amenewo ndikaima m'dambo la Lunyangwa, kumunsi kwa Chiputula kumene tinkatchera maukonde, ndinkakhala chete moti bango linkamveka likukula, achule ankatuma mnzawo kudzafunsa ngati kwagwa maliro, ndipo mpheta ina inaluka chisa m'duku langa, inaikira mazira, inaswa, ana anakula n'kuuluka, ine ndisanayankhe moni wa mayi wina wa nkhuni amene anandilonjera tsiku limene chisacho chinayambika. Mukumva?

Koma ntchito ndinkaigwira. Maukonde anali a ulusi wowonda ngati wa kangaude, ndipo tinkawamanga pa nsungwi m'bandakucha. Mbalame ikakodwa umayamba kumasula miyendo, kenako mapiko, mutu pomaliza, n'kuiika m'kathumba ka nsalu, kathumbako n'kukoleka m'chiuno. Ukafika pa chulu pamene panali katebulo kathu umaitulutsa, khosi lake pakati pa zala ziwiri, umaiveka mphete n'kuifinya ndi kambaniro, umayeza phiko, kenako umaigadamitsa n'kuiuzira pamimba kuti nthenga zipatuke uone mafuta. Ukatha apo umatembenuza dzanja, chikhatho kumwamba, n'kukankha pang'ono. Lamulo la adona linali limodzi lomwelo, ndipo ankalinena m'Chinyanja chawo chopindika: "Tsegula manja! Basi, tsegula!" Mbalame yovala mphete isachedwe m'dzanja.

Manja anga anaphunzira kuposa mwini wake. Posakhalitsa ankaveka okha ine ndikuganiza zina, kenako ankamasula mbalame pa ukonde wa kumtunda ine ndili pa wa kumunsi, mpaka anafika poti chilichonse chofunda akachigwira ankachifufuza mwendo, kuchigadamitsa, ine n'kuuzira, iwo n'kukankhira kumwamba: mbatata yootcha inapita padenga, tiyi wa bambo anapita padenga, ndipo ku tchalitchi amayi analeka kundigwiritsa makanda chichitikireni zija za mwana wa a mlaliki, amene mwamwayi anatera m'chitenje cha amake akuyamwabe chala. Ndikunena pamaso pa Mulungu.

Tsono panali Wongani Gondwe, kalaliki wa pa esiteti, woimba besi m'kwaya. Sindinena zambiri. Ndingoti ndinkamufuna, iyenso ankandifuna, ndipo chotsala chinali chakuti bambo ake atume thenga, amene kwathu timati nkhoswe, kwa bambo anga. Apa ndiye panali povuta. A Gondwe aakulu, a ku Ching'ambo, anali mlenje wa mbalame, wa ulimbo, chiyambire ubwana wawo. Mano anali atatha, ndipo ndiwo imene ankaitha inali ya mbalame yokha, yofewa, yamafuta. Iwo anali atamva kuti atsikana a ku koleji amadya atatseka chitseko, mlendo akabwera amamupatsa mpando ndi nyuzipepala. Ndiye anauza mwana wawo kuti thenga satuma kufikira atadzionera okha ngati mtsikanayo amadziwa kupatsa. Wongani anandiuza zimenezi tikuchokera ku kwaya, ndipo kuyambira tsikulo ndinkayeseza kuseri kwa nyumba momwe ndidzawagwadire, momwe ndidzawombere m'manja, momwe ndidzaperekere mbale ndi manja awiri maso ali pansi. Ndinkayesa adzabwera kunyumba. Sindinaganize kuti munthu wozolowera kubisalira mbalame angabisalirenso munthu.

Unali m'mawa wina wa mwezi wa Malichi, kamvula kowaza kaja kakugwa. Tsikulo mbalame zinabwera monga sizinabwerepo chilengedwere dziko: zinadzaza maukonde mpaka nsungwi zinawerama n'kumwa madzi, zina zinandanda pa bango kudikira kuti malo apezeke m'ukonde, zina zikukangana kuti wayamba kufika ndani, ndipo m'chiuno mwanga munalendewera timatumba tochuluka moti zam'katimo zikakupiza mapiko pamodzi mapazi anga ankachoka pansi, ndinachita kumangirira mwala kunsonga ya chitenje kuti ndisapite nazo ku Ulaya. Adona anali atatsikira ku ukonde wakutali, kuseri kwa bango. Pa chulu ndinali ndekha, nsapato nditavula.

M'dzanja ndinali ndi pumbwa. Osati apumbwa owonda mumawaona pa mapapaya a pasukuluwa, ayi. Uyu anali wonenepa moti sikelo ya adona inalira n'kuthyoka, mafuta ake ankayenderera mpaka m'chigongono mwanga n'kumadontha, ndipo nyerere imene yanyambita pamenepo inkalephera kulowa kuuna kwake. Ndinali nditamuveka kale mphete, ndamugadamitsa, milomo ndasongola, ndikuuzira pamimba pake, fuu, fuu. Pamenepo ndinamva munthu akutsokomola.

M'munsi mwa chulu munaima mkulu wamfupi, wa chipewa cha mlaza ndi jekete yakale ya usilikali, ndodo ili kukhwapa. Nkhope inali ya Wongani itakalamba. Taganizani inu: mkamwana wamawa, mkazi woti akwatiwe ndi mwana wawo, ali pamwamba pa chulu, apongozi aamuna ali pansi, ndipo iye akuuzira mbalame kumimba ngati akukoleza moto. Ndinagwada, koma chulu n'chulu, ndinali pamwamba pawobe. Ndinati ndiwombe m'manja, m'manja muli pumbwa.

"Monire, NyaBanda," anandilonjera m'Chitumbuka a Gondwewo.

Ndinayankha ndithu, koma mawu anga anatuluka mochepa kwambiri moti anakawafika Lachinayi lotsatira.

Maso awo sanali pa ine. Anali pa mimba ya pumbwa, yachikasu ndi mafuta. Mukudziwa nonse kuti kuno, ndi kwathu komwe, wamkulu akakupeza uli ndi nyama m'manja sapempha, ndipo iwe sudikira kuti apemphe. A Gondwe anaika ndodo pansi, anapukuta manja pa jekete, n'kuwatambasula onse awiri.

"Yewo, mwana wane. Yewo chomene."

Anathokozeratu.

Mtima wanga unati mwayi ndi umenewu, adona akalipe akalipe, pumbwa mmodzi sangagwetse Ulaya. Ndinatsika chulu ndi maondo, ndinatambasula manja onse awiri monga ndinkayesezera kuseri kwa nyumba, maso pansi, pumbwa ali pamwamba penipeni pa zikhatho zawo, kamwendo kake ka mphete kakuwakhudza chala. Ndipo manja anga, awa mukuwaonawa, m'malo motsika anatembenuka, zikhatho kumwamba, n'kukankha pang'ono.

Pururu! Pumbwa anadutsa pamphuno pawo, anawagwetsera chipewa, anakatera pa bango n'kuyamba kuimba.

Ndinati ndikonze msanga. Ndinatulutsa timba m'kathumba, mumtima ndikuti uyu sindimuveka, ndingopereka, koma manja anali atatola kale kambaniro, kete, phiko ayeza, agadamitsa, milomo yanga yosakhulupirikayi fuu, pururu! Ndinatulutsa mpheta, pururu! Ndinadziluma chala, sizinathandize, ndinakhalira dzanja lamanja, lamanzere linapitiriza lokha, ndinati ndipereke kathumba kosamasula, chingwe chinamasuka chokha, ndipo mbalame zinkangotuluka, zakuno ndi za ku Ulaya, iliyonse yovala mphete yake, iliyonse kudutsa pamphuno pa a Gondwe, mpaka thambo la Mzuzu linada bii, nkhuku za ku Katoto zinalowa m'makola, apolisi a pa boma anatsitsa mbendera poyesa kwada, mphete zikuthwanima kumwamba ngati nyenyezi moti dalaivala wina wa lole anazitsatira n'kukapezeka ku Nkhata Bay asanafuneko, ndipo nthawi yonseyi a Gondwe ali chiimire, manja ali chitambasulire, chifukwa munthu wathokoza kale sabweza manja opanda kanthu; kamvula kaja kanadzaza zikhatho zawo, chule anabwera n'kuikiramo mazira, mbululu zinaswa, zinamera miyendo, zinadumpha n'kumapita kwawo. Mukumva inu? Ngakhale kachule sikanawatsalire.

Timatumba titatha, anakhuthula madziwo pansi, anatola chipewa ndi ndodo, n'kundiyang'ana. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi nditalira, zikanathera pomwepo. Iwo anawomba m'manja mwaulemu, monga amachitira mlendo amene wadya bwino.

"Yewo, mama. Takhuta."

Apa ndiye manyazi anafika. Zonse zija zinali kalambulabwalo chabe. Ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira, ndinazyolika, ndipo chala chachikulu cha kuphazi chinayamba kulemba pansi, monga chimachitira cha mtsikana aliyense akasowa poyang'ana. Chanucho chimalemba timizere tiwiri n'kusiya. Changa chinalemba, chinakanda, chinakumba, dothi likuuluka kumbuyo ngati nguluwe zalowa m'munda wa chinangwa, ndinalowa mpaka m'maondo, m'chiuno, m'khosi, ndinapyola dothi lakuda, ndinapyola katondo, ndinapeza mphika wa makolo a anthu ena, ndinapepesa n'kupitirira, ndinafika pa madzi, ndipo nkhope yanga inali itatentha moti madziwo anawira pomwepo, nthunzi inakwera n'kukasakanikirana ndi nkhungu, amayi a ku Chiputula tsikulo anasambitsa ana ndi madzi ofunda osakoleza moto. Ndipo poti chala cha munthu wamanyazi sichikhala malo amodzi, chimayenda, dzenje lija linasanduka ngalande, ngalande inakhota uku, inakhota uko, ine ndili momwemo chizyolikire, chala chikutsogola, madzi akunditsata pambuyo, minda ya anthu imene inkamira chaka ndi chaka ikuphwa, mpaka ndinakatulukira kuseri kwa khitchini ya mayi ku Katoto, matope thupi lonse. Ngalande yaikulu imene mumawoloka pa kamlatho ku Chiputula ija mumati anakumba a boma? A boma anangobwera kudzayeza.

Mawa lake adona anandigwira chanza, nati chiyambire kuveka mbalame sanaonepo ntchito ngati ya dzulo. Ndinathokoza. Mkati mwangamu chala chinali chikukumbabe.

Thenga sanabwere. Lamulungu ku kwaya besi ya Wongani inatsika kwambiri moti inkamveka m'mapazi mokha, mabenchi akunjenjemera, ndipo potuluka sanandidikire pa mtengo pamene tinkakumana nthawi zonse. Nkhani inali itafika kale ku msika: mwana wa kalaliki wa ku Dowa analola kudyetsa mitambo kusiyana n'kupatsa nkhalamba yopanda mano kambalame kamodzi. Ogulitsa tomato akandiona ankaphimba malichero, ati ndingawaulutsire katundu.

Mayi anga sanataye nthawi ndi kukalipa. Anagwira tambala wawo wofiira, yekhayo amene tinabwera naye kuchokera ku Dowa, anamumanga miyendo ndi luzi, anamumanga mapiko, ndipo anayang'ana manja anga nthawi yaitali ngati akuganiza zomanga iwonso.

"Chipongwe wachita wekha, ukapepese wekha," anatero. "Ndipo uyu akauluka, iwenso usatere pano."

Ndinavala diresi langa loyera la ku koleji n'kuyenda wapansi mpaka ku Ching'ambo. Ndinkayembekeza kuti ndikapeza a Gondwe ali okha. Ndinapeza mudzi wonse, ndi midzi yoyandikana nayo, ena atakwera m'mitengo, ena atabweretsa mipando yawo, odwala atawanyamula pa machira, mayi wina amene anali pa uchembere anauza mwana wam'mimbayo kuti ayambe wadikira. Wongani anali pakhonde, maso pansi. Ndinagwada kumayambiriro kwa bwalo n'kuyenda ndi maondo mpaka pa mpando wandalema pamene panakhala bambo ake. Ndinapereka. Tambala womangidwa sauluka, ndiye ngakhale manja anayesa zawo zija, anangogwera pamiyendo pawo, phi.

A Gondwe anamunyamula, anamuyeza kulemera, anayang'anitsitsa luzi la kumwendo ngati ndi mphete, n'kufunsa nambala yake.

"Uyu nambala yake ni vichi, mama?"

Bwalo lonse linaphulika. Iwo osaseka. Anamasula luzi la kumiyendo pang'onopang'ono, anamasula la mapiko, anamugadamitsa tambala wa mayi anga, anasongola milomo yawo yopanda mano ija, fuu, fuu, n'kutembenuza zikhatho kumwamba. Tambala anakuwa, anadumpha mitu ya anthu, n'kulowa pansi pa nkhokwe.

"Mlenje ndimwe," anatero. "Tiyeni, tiwone."

Ndinalowa. Ndi diresi loyera, ndi satifiketi yanga ya uphunzitsi, pamaso pa apongozi aamuna, ndinagona chafufumimba n'kukwawira pansi pa nkhokwe, ndipo musandiuze kuti pansi pa nkhokwe ndi pafupi, chifukwa pansi pa nkhokwe imeneyo panali patali kuposa kuchokera pano kukafika ku Ekwendeni: ndinadutsa mudzi wa makoswe ali pa mlandu, ndinadutsa thadzi lofungatira limene linandijompha pamphumi, ndinakwawa mpaka zigongono zinatha n'kumeranso zina, kunja ndikungomva amayi akuimba nyimbo yondinena m'Chitumbuka chimene mwatsoka ndinali nditayamba kuchimva, ndipo kumapeto kwenikweni, pamene mdima umathera, ndinagwira mwendo wa tambala. Potembenukira panalibe. Ndinatuluka chambuyo, miyendo patsogolo, diresi litakwinyikira kumene sindingatchule m'chipinda cha aphunzitsi.

Koma tsopano manja anga anali atachita mantha. Anagwira, ndipo anagwiradi. Ndinagwada kuti ndipereke, osatseguka. A Gondwe anakoka, osatseguka. Wongani anabwera kudzakanula chala chimodzi, akagwira chachiwiri choyamba chija chabwerera, azakhali ake anathira madzi a sopo, wina anabweretsa chitsulo chochotsera tayala la njinga, chinapindika, mpaka anagwirizana zoti tambalayo angomuphera m'manja mwanga momwemo, anamusosolera m'manja mwanga, anamuwawula pamoto ine ndikutembenuza, ndipo akanandiphika naye limodzi zala zikanapanda kumasuka zokha mphika utayamba kuwira.

Apo a Gondwe anaseka. Anaseka mpaka mpando wandalema unapindika n'kuwameza, anachita kuwasolola. Atapukuta misozi analoza mwana wawo ndi ndodo.

"Wongani, wamuwona? Uyu akataya wakutaya vyose, akagwira wakugwira nadi. Iwe usankhe wekha kuti ukhale pumbwa panji tambala."

Wongani anati akhala tambala. Anthu anasekanso, ine ndikuyang'ana pansi, ndipo azakhali aja anandiponda chala cha kuphazi kuti bwalo lawo lisawonongeke. Loweruka lotsatira thenga anafika ku Katoto.

Ndi mmene ndinalowera m'banja la a Gondwe, osati ndi ulemu umene ndinkayeseza uja, koma chambuyo, kuchokera pansi pa nkhokwe. Mpaka lero ndikapita ku Ching'ambo, ndikanyamula mbale ya ndiwo kuti ndikawapatse, apongozi anga amakuwa kuti ana atseke mawindo.

Mukukayika, a NyaMhango, ndikukuonani mukubisa pakamwa ndi kope. Pitani mukawafunse apongozi angawo, alipo, akadali ndi moyo. Koma ndikuuziranitu zimene akakuuzeni. Iwo amati mbalame zinali ziwiri zokha, pumbwayo anali wowonda, ndipo pamene ndinakanda ndi chala paja simukanabzalapo ngakhale nyemba imodzi. Asiyeni anene. Iwo anali pamwamba, akuonerera. Amene anali m'dzenjemo ndine.